TALAKITA IKAKANA KUKWEZA MOTO, YAMBANI MWAONA MAWAYA

Mvula yoyamba ikagwa ku Chiparamba m'mwezi wa Novembala, palibe mlimi amene amafuna kuuzidwa za mawa. Nthaka imene inauma gwa kuyambira mwezi wa Meyi imafewa kwa masiku owerengeka okha, ndipo aliyense adziwa kuti cimanga cobzalidwa ndi mvula yoyamba sicifanana ndi cobzalidwa pafupi ndi Khirisimasi. Amene ali ndi ng'ombe amazimanga pa joko kusanace. Amene ng'ombe zao zinatha ndi matenda a nkhupakupa, ndi amene minda yao ya cimanga, nshawa ndi soya ndi yaikulu, amakhala atalipiratu mwini talakita, nalembedwa pa mndandanda, nayembekezera tsiku lao.

Pa masiku otere ndi pamene matenda ena acilendo a makina amaonekera. Dalaivala afika m'mamawa, atembenuza kiyi, injini ilira bwino lomwe, yosatsokomola ndi yosaturutsa utsi. Koma akaponda moto, palibe cisintha. Injini ingopitiriza kulira capansipansi, kumene amakanika amati aidulo, ndipo patsogolo pa dalaivala payaka kanyali kacikasu kapena kofiira. Talakita yotere ingathe kukwawa kucoka mu shedi kufika pa mseu, koma kukoka makasu atatu m'dothi lonyowa siingathe.

Zimene zimatsatira n'zodziwika m'midzi yambiri. Anthu asonkhana, aliyense ndi ciweruzo cake. Wina ati mafuta ndi oipa, wina ati sefa yatsekeka, ndipo wodziwa makina koposa onse ati pampu yatha. Pampu imasulidwa, ikulungidwa m'thumba, itumizidwa ku Chipata kapena ku Lusaka kumene, ulendo wa makilomita oposa 500 pa mseu wa Great East. Papita mlungu umodzi kapena iwiri. Pampu ibwera, imangidwa, ndipo injini ilira monga inalirira kale. Pa nthawiyo udzu wamera m'minda yosagaula, amene analipira ayamba kufunsa ndalama zao, ndipo mwini talakita aopa ngakhale kupita ku maliro kuopa kukumana nao.

Kawirikawiri pampu ija inalibe mlandu. Bvuto linali m'kawaya kocepa ngati udzu, kapena m'pulagi imene munalowa madzi, pansi pomwe pa phazi la dalaivala.

Injini yakale ndi injini yatsopano

Injini ya dizilo, imene Rudolf Diesel wa ku Germany anaiyendetsa bwino koyamba m'caka ca 1897, imakula mphamvu monga mwa kucuruka kwa mafuta amene apopedwa m'masilinda ake. Mafuta akacuruka injini ithamanga, akacepa ibwerera pansi. M'makina akale nchito yoonjezera mafuta inali ya citsulo cokha-cokha: kucokera pa copondera ca dalaivala, kapena pa kampini ka moto ka kudzanja, panali kandodo kacitsulo kapena kacingwe kopita ku pampu, ndipo panalinso gavana woletsa injini kuthamanga mopyola muyeso. Umu ndi mmene iliri Massey Ferguson 135, imene inapangidwa kuyambira 1964 kufika 1975 ndipo ikali kuoneka m'mafamu ena, ndiponso injini za Lister zimene zinayendetsa zigayo zambiri. Kacingwe kakaduka, munthu anali kuona ndi maso, namangira waya wa mpanda, nchito nipitirira.

Kuyambira m'caka ca 1986 kampani ya Bosch inayamba kuika ulamuliro wa magetsi pa injini za dizilo, ndipo mu 1995 kampani ya Denso ya ku Japan inaika pa malole a Hino njira yatsopano yopopera mafuta yochedwa common rail. Cimene cinakankha kusintha kumeneku ndi malamulo a maiko a ku Ulaya, America ndi Japan oletsa utsi wambiri, pamodzi ndi kufuna kuti injini izimwa mafuta ocepa. Injini zoterezi zafika m'Cigawo ca Kum'mawa m'malole ogwirapo kale nchito ocokera ku Japan ndi ku Britain, amene amatuta cimanga kupita ku madepoti a Food Reserve Agency, m'matalakita akulu-akulu, m'magireda okonza miseu ndi m'makina okumba zitsime. Kuyambira 2023 mpope wa TAZAMA wocokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola umabweretsa dizilo woyengedwa kale wa sulufule wocepa, amene ndiye woyenera injini zimenezi.

Si makina onse atsopano ali otero. Matalakita ang'ono ambiri ndi zigayo za silinda imodzi zikali za kacingwe. Njira yodziwira ndi yapafupi: munthu agwade, ayang'ane kuseri kwa copondera. Akaona citsulo kapena cingwe cothamangira ku pampu, injiniyo ndi yakale m'macitidwe ake. Akaona kabokosi kakuda ka pulasitiki kokhala ndi pulagi ndi timawaya, injiniyo ilamulidwa ndi kompyuta.

Kompyuta imeneyi amakanika amaichula kuti ECU. Akulu-akulu a ku Chipata angaseke pakumva dzinali, pakuti kwa iwo ECU inali Eastern Co-operative Union, imene inali kugula mbeu za alimi m'masiku a makopaletivu. ECU ya mu injini ndi kabokosi kacitsulo kosaposa buku la nyimbo, koma nayonso ili ndi ulamuliro pa cuma ca mlimi: ndiyo imagamula kuti mafuta alowe angati, ndipo alowe liti.

Mesenjala wa mawaya atatu

Kabokosi kakuda ka kuseri kwa copondera ndiko sensa ya moto. Nchito yake ndi imodzi yokha, kuuza kompyuta pamene phazi la dalaivala lafika. Sikakhudza mafuta ngakhale dontho. Kali ngati mesenjala wa mfumu, amene alibe mphamvu yoweruza mlandu koma popanda iye mfumu siimva kanthu.

Sensa yofala koposa imagwira nchito monga kotembenuzira mau ka pa wailesi. M'kati mwake muli kanjira kopyapyala ka kaboni, ndi kacala kacitsulo kamene kamatsetsereka pa kanjirako copondera cikamatsika. Kumeneku kumalowa mawaya atatu. Woyamba umabweretsa mavolti 5 kucokera ku kompyuta. Waciwiri ndi wobwezera magetsi ku kompyuta, umene amakanika amati efi. Wacitatu ndiwo wa uthenga. Phazi likakhala pambali, waya wa uthenga umanyamula pafupi-fupi theka la volti. Copondera cikatsika kufika pansi, umanyamula mavolti 4 kapena 4.5. Manambala eni-eni amasiyana pang'ono monga mwa kampani imene inapanga injini, ndipo amalembedwa m'buku la makinawo.

Opanga makina anacita dala kuti uthenga usayambire pa 0 ndiponso usafike pa 5. Anasiya mpata uku ndi uku kuti kompyuta izitha kusiyanitsa uthenga woona ndi uthenga wa waya woduka. Ikalandira volti imodzi, iwiri kapena itatu, idziwa kuti ndi phazi la munthu. Ikalandira 0 kapena 5, idziwa kuti palibe phazi lingacite zimenezo, ndi kuti pena pake pa njira paonongeka. Pamenepo ikana kumvera, ibweza injini pa aidulo, niyatsa kanyali kaja. Kukana kumeneku kumakwiyitsa pa nthawi yolima, koma ndi kwanzeru. Lole yodzaza matumba imene ingakhulupirire uthenga wabodza wakuti dalaivala waponda mpaka pansi, ili pa mtsetse pakati pa anthu, ingaphe ambiri.

Pa cifukwa comweco makina ambiri ali ndi mboni yaciwiri. Ena ali ndi kaswichi kamene kamatsimikiza kuti phazi lacokadi pa copondera. Ena ali ndi masensa awiri m'bokosi limodzi, ndipo pulagi yake imakhala ndi mawaya 6. Kawirikawiri uthenga wa sensa yaciwiri umakhala theka la uthenga wa yoyamba. Mboni ziwirizi zikatsutsana, kompyuta siisankha imodzi, imazikana zonse. Cotero kamwala kapena dothi louma limene laletsa copondera kubwerera pamwamba peni-peni lingaimitse talakita yonse, ndipo mankhwala ake ndi kamtengo ndi kansanza.

Kusiyanitsa matenda

Makanika wanzeru asanagwire sipanala amayamba wamvetsera. Injini imene isowa mafuta cifukwa ca sefa yotsekeka kapena mpweya m'mapaipi imayesa kukwera ikapondedwa, kenaka itsokomola, ifooka, mwina nizima ikapatsidwa katundu. Injini imene sefa yake ya mpweya yadzala pfumbi imaturutsa utsi wakuda. Koma injini imene yataya uthenga wa sensa imalira mosalala ndi mokhazikika, ndipo copondera cimakhala ngati ca galimoto lina. Nthawi zina bvutoli limabwera ndi kupita: talakita ilima bwino, igunda pa citsa kapena pa mzere, moto ugwa mwadzidzidzi, ndipo ikazimitsidwa ndi kulizidwanso iyamba bwino. Kubwera ndi kupita koteroko ndi cizindikiro ca waya wothyoka m'kati kapena pulagi yogwedera.

Pali cenjezo limodzi. Kompyuta imacepetsanso mphamvu ya injini ikaona kuti yatentha kwambiri, madzi a mu redieta acepa, oilo wafooka, kapena madzi alowa m'mafuta. Izi ziyenera kuonedwa poyamba, cifukwa pamenepo kompyuta ili kuteteza injini ku imfa. Batire nalonso lionedwe. Batire la mavolti 12 lodzala bwino limaonetsa 12.6 injini ili cete, ndi pafupi-fupi 14 injini ikulira. Mitu ya batire yoyera ndi cuku, kapena lamba wa efi wadzimbiri pakati pa injini ndi thupi la galimoto, zimapenga kompyuta kotero kuti inena mabodza a mitundu-mitundu.

Kompyuta imasunga dandaulo lake m'manambala. Pa makina ena manambalawa amaoneka pa kagalasi ka patsogolo pa dalaivala, pa ena kanyali kamaphethira ndipo munthu awerenga kuphethirako, pa enanso pafunika makina owerengera a kwa makanika. Makina olemera ambiri amatsata dongosolo lochedwa J1939, m'mene nambala SPN 91 itanthauza sensa ya copondera. Pambali pake pamakhala nambala yaciwiri: FMI 3 ndi kunena kuti magetsi a uthenga akwera kopyola malire, FMI 4 atsika kopyola malire, FMI 2 uthenga uli wosakhazikika. Injini za Cummins zimanena zomwezo ndi manambala 131 ndi 132. Pa magalimoto ang'ono P0122 ndi uthenga wotsika ndipo P0123 ndi wokwera.

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Munthu akamva kuti nambala yachula sensa, athamangira ku sitolo kukagula sensa. Koma nambalayo siinena kuti sensa yafa. Inena kuti uthenga umene wafika ku kompyuta ndi wolakwika. Mesenjala angakhale wamoyo ndi wamphamvu, koma mlatho wa pa njira ndiwo wakokoloka.

Adani a waya ku mudzi

Amene anapanga makinawa sanali kuganizira za shedi imene ili pafupi ndi nkhokwe. Talakita ikaima kuyambira pa kukolola kufikira mvula, makoswe amapeza nyumba yofunda pansi pa boneti ndi kuseri kwa dashibodi, ndipo mano ao sasiyanitsa cimanga ndi pulasitiki wokuta waya. Mdani waciwiri ndi kugwedezeka. Pa miseu ya dothi yopita ku Chiparamba ndi midzi yozungulira, mtolo wa mawaya umene lamba wake wamasuka umakhuzana ndi citsulo tsiku ndi tsiku mpaka khungu lake liperepeseka. Wacitatu ndi madzi. Copondera ciri pansi, pamene pamafika matope a ku nsapato, mvula yolowera pa citseko ndi madzi a wotsuka galimoto wacangu. Madzi akalowa m'pulagi, timano tamkuwa timacita dzimbiri lobiriwira. Kwa nyali ya galimoto dzimbiri locepa lotere si kanthu. Kwa uthenga wa theka la volti ndi phiri.

Cifukwa cake nchito yoyamba ndi ya maso ndi zala. Kiyi azimitsidwe, pulagi ya sensa izulidwe pogwira thupi lake osati pokoka mawaya, ndipo iunikidwe ndi tochi. Kodi muli cinyezi? Kodi kadzino kena kapindika, kapena kabwerera m'mbuyo kotero kuti sikafika pa kanzake? Kenaka mtolo wa mawaya utsatidwe ndi dzanja kucokera pa copondera kufika pa kompyuta, makamaka pamene upyola pa ciboo ca citsulo, pamene upinda, ndi pamene uyandikira paipi ya utsi. Matenda ambiri amapezeka pa ulendo umenewu, mita isanaturuke n'komwe m'thumba.

Zimene mita imanena

Maso akalephera, pafunika mita yopimira magetsi, imene m'masitolo imachedwa multimeter. Mtengo wake sufika ngakhale pa mtengo wa ulendo wonyamula pampu kupita ku Lusaka ndi kubwera.

Kupima kumacitika kiyi ali wotsegula koma injini isakulira, giya ili pa fili ndi buleki ya kudzanja itakokedwa. Mita iikidwe pa mavolti a batire. Pulagi ili yozula, kumbali ya mawaya ocokera ku kompyuta, pakati pa waya wobweretsa magetsi ndi waya wobwezera payenera kupezeka mavolti 5, kapena kusiyana pang'ono pokha. Akapezeka, ndiye kuti mawaya awiriwo ndi kompyuta ziri bwino kumbali imeneyo. Akasowa, sensa ilibe mlandu, ndipo kugula ina ndi kutaya ndalama.

Mavolti 5 akasowa, pali cinsinsi cimene ambiri sacidziwa. Pa injini zambiri kompyuta imagawira magetsi omwewo kwa masensa angapo, monga ya oilo, ya mpweya ndi ya mafuta. Imodzi mwa izo ikapsa m'kati, imagwetsa magetsi a zinzake zonse, monga nyumba imodzi ikapsa moto ugwira mudzi. Cizindikiro cake n'cakuti manambala odandaula amabwera ambiri nthawi imodzi. Makanika azule masensawo imodzi-imodzi akuyang'ana mita. Imene mavolti 5 abwerera itangozulidwa, ndiyo mfiti yake.

Mavolti 5 akapezeka, pulagi ibwezedwe m'malo mwake, ndipo waya wa uthenga upimidwe kucokera kumbuyo kwa pulagi ndi kacitsulo koonda kolowetsedwa mosamala pambali pa waya. Wina aponde copondera pang'ono-pang'ono, mocedwa monga munthu woponda pa minga. Manambala ayenera kukwera mwa dongosolo kucokera pa theka la volti kufika pa 4 ndi kupitirira pang'ono, ndi kutsikanso cimodzi-modzi. Akadumpha, kapena akagwa pa 0 pakati pa ulendo ndi kubweranso, kanjira ka kaboni kadyeka. Kamadyeka makamaka pa malo amene phazi limakhalitsa, ndico cifukwa cake dalaivala amadandaula kuti moto umathawa pa liwiro limodzi lomwelo. Apa pokha ndi pamene sensa iyenera kugulidwa.

Manambala akaima osasuntha, nao ali ndi tanthauzo. Uthenga woima pa mavolti 5 kawirikawiri unena kuti waya wobwezera waduka, kapena waya wa uthenga wakhudzana ndi wobweretsa magetsi. Uthenga woima pa 0 unena kuti magetsi safika ku sensa, kapena waya wa uthenga wasupuka nukhudza citsulo ca galimoto. Ngati pa sensa uthenga uli bwino koma kompyuta ikali kudandaula, ndiye kuti watayika pa njira. Pamenepo kiyi azimitsidwe, batire limasulidwe, mapulagi a mbali zonse ziwiri azulidwe, ndipo waya uliwonse upimidwe kucokera nsonga ina kufika inzake mita ili pa ma-ohm. Mabuku a Cummins amati waya wabwino usapitirire ma-ohm 10, ndipo pakati pa waya ndi unzake, kapena waya ndi citsulo ca galimoto, pakhale ma-ohm oposa 100,000. Pakupima, mnzake wa makanika azigwedeza mtolo wa mawaya cigawo ndi cigawo. Waya wothyoka m'kati khungu liri lamoyo umadziulula pa kugwedezako.

Si masensa onse amapimidwa motere. Ena atsopano alibe kacala kotsetsereka, amagwira nchito ndi maginito, ndipo kuwapima ma-ohm sikunena kanthu. Apimidwe mavolti okha, ali olumikizidwa. A Caterpillar ndi ena a Perkins amatumiza uthenga wao mwa kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi mofulumira kwambiri, ndipo kompyuta imawerenga utali wa nthawi imene magetsi ali oyaka. Pa injini zambiri za malole a Caterpillar sensa imalandira mavolti 8, ndipo uthenga umakhala magawo 10 kufika 22 pa 100 phazi liri pambali, ndi magawo 75 kufika 90 copondera ciri pansi. Kupima zimenezi kufuna mita yokhala ndi cizindikiro ca peresenti. Makanika amene afuna mavolti 5 pa injini yotere adzaweruza sensa yamoyo kuti yafa.

Zizolowezi zabwino zimene zasanduka zoopsa

Amakanika a pansi pa mtengo ndiwo asunga makina a cigawo cino zaka zonsezi, ndipo nzeru zao n'zosapeputsa. Koma zizolowezi zina zimene zinali zothandiza pa injini zakale zimapha injini zatsopano.

Kababu koyesera magetsi, kamene makanika aliyense amayenda nako, kamakoka mphamvu yoposa imene kompyuta ingapereke pa mawaya a sensa. Kukhudzitsa waya pa citsulo kuti aone ngati uthetheka ndi koipa koposa. Kutenga magetsi a batire ndi kuwalowetsa pa waya wa mavolti 5 kuti sensa idzuke kumaocha kompyuta nthawi yomweyo, ndipo kompyuta ndiyo imodzi mwa ziwalo zodula koposa pa injini yonse. Siipezeka pa msika wa Kapata, ndipo ikapezeka kwina imafuna kulembedwa ndi makina a kampani isanagwire nchito. Woocherera zitsulo amene aika moto wake pa talakita batire ndi mapulagi a kompyuta zisanamasulidwe angacite cionongeko comweco. Kuboola khungu la waya ndi singano kuti apime kumasiya kaboo kamene madzi adzalowerapo, ndipo bvuto lidzabadwa pomwepo mvula ya caka camawa.

Kulumikiza waya woduka mwa kupota nsonga ndi kumanga ndi legeni kapena pepala la shuga kungafikitse talakita kunyumba, koma sikungaithetse nyengo. Mfundo yotere imagwedera, ndipo uthenga umasintha pamodzi nayo. Waya ulumikizidwe ndi mtobvu kapena ndi kacitsulo kofinyira, ukutidwe bwino kuti madzi asalowe, ndipo mtolo umangidwe kutali ndi cimene cinaudula.

Pali zinthu ziwiri zimene zingatenge moyo wa munthu. Coyamba ndi kudumphitsa mawaya a sensa kuti injini izingolira pamwamba. Makina otere alibenso womvera. Caciwiri ndi kumasula mapaipi a ku mainjekita injini ikulira, monga anali kucitira poturutsa mpweya m'injini zakale. M'mapaipi a common rail mafuta amapanikizidwa kufika mabaa 1,600 ngakhale 2,000, pamene thayala la lole silifika mabaa 10. Kamtsinje ka mafuta otere, kosaoneka bwino ndi maso, kamaboola khungu ndi kulowa m'thupi, ndipo munthu angaduke cala kapena dzanja ngati safika msanga ku cipatala.

Mwezi wa Okutobala ndiwo wa makanika

Mlimi amakonza khasu mvula isanagwe, ndipo mwini talakita ayenera kutero ndi mawaya ake. M'miyezi ya Sepitembala ndi Okutobala, pamene kulibe wothamangitsa mnzake, boneti itsegulidwe, zisa za makoswe zicotsedwe, mapulagi aonedwe, malamba omangira mawaya abwezedwe, ndipo injini ilizidwe ndi kupondedwa kufika pamwamba. Talakita isagone pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a mbeu, ndipo mphaka pa shedi ndi wanchito wosafuna malipiro. Potsuka, madzi asalunjikidwe pa copondera, pa mapulagi kapena pa kompyuta.

Makopaletivu ndi magulu a alimi amene agula makina pamodzi, kapena kuwalandira pa ngongole, acita bwino kufunsa zinthu ziwiri asanasaine: buku loonetsa mayendedwe a mawaya ndi tanthauzo la manambala, ndiponso dzina la malo apafupi kumene kuli makina owerengera kompyuta ya mtundu umenewo. Makina opanda buku lake ali ngati ng'ombe yogula usiku. Ndi bwinonso kuti gulu lisankhe mnyamata kapena mtsikana mmodzi wodziwa kuwerenga manambala, limgulire mita, ndipo ngati kutheka limtumize ku sukulu ya nchito zamanja monga Chipata Trades Training Institute. Makanika wakale wodziwa kulira kwa injini ndi wacinyamata wodziwa mita akagwirizana, palibe cifukwa coti pampu yamoyo ikwere basi.

Ngati sensa yapezekadi yakufa, wopita ku tauni anyamule yakaleyo, alembe nambala imene ili pa thupi lake, nambala ya injini ndi nambala imene kompyuta inaonetsa. Masensa ambiri amafanana nkhope ndi pulagi koma amasiyana m'kati, ndipo ina yolowa bwino ingapereke uthenga wobwerera m'mbuyo. Foni yojambula imathandiza: cithunzi cingatumizidwe kwa wogulitsa ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Lilongwe, kumene ndi kufupi koposa Lusaka, munthu asanalipire ulendo.

Sensa yatsopano ikamangidwa, injini zina zimafuna kuphunzitsidwa malire a copondera. Pa injini zambiri za Cummins zokhala ndi kaswichi ka mboni, dalaivala atsegula kiyi osaliza injini, aponda copondera mpaka pansi ndi kucisiya, katatu. Pa makina ena nchitoyi icitika ndi makina a makanika, ndipo pa ena siifunika konse; buku ndilo linena. Kenaka injini ilizidwe, kanyali kaonedwe ngati kazima, ndipo talakita iyesedwe ndi makasu ake m'munda wa mwini wake kwa mizere ingapo, uthenga usanapite kwa woyamba pa mndandanda kuti akonze mbeu.